Kukiya mafoda a ma user pa seva ya Linux: LUKS, fscrypt kapena chani?

Nkhani imeneyi imayamba chimodzimodzi pafupifupi paliponse, abwana amva zoti deta ya anthu iyenera kutetezedwa ndiye alamula kuti foda ya munthu aliyense mu /home ikhale encrypted, kutanthauza yokiyidwa moti wopanda kiyi sangawerenge zamkati, ndipo inu a IT mwapatsidwa mpaka Lachisanu. Zimamveka ngati kantchito ka theka la ola koma pa Linux njira zake ndi zambiri ndithu, pali LUKS (yokiya diski kapena partition yonse), eCryptfs, fscrypt (yokiya foda iliyonse payokha), gocryptfs, ZFS, systemd-homed, ndipo iliyonse ili ndi pomwe imaluma. Ine maganizo anga ndi oti musayambe ndi kusankha pulogalamu. Yambani ndi funso loti kiyi akhala ndi ndani pa nthawi imene seva ikuyaka, komanso pa nthawi imene mwini foda sanalowe. Mukayankha limenelo, zinazo zimagwa m'malo zokha.

Choyamba: mukuopa ndani kwenikweni?

Khalani pansi mulembe. Ngati mantha anu ndi akuba amene angathyole ofesi usiku n'kunyamula seva yonse, kapena diski yafa ndiye mukuibweza kwa ogulitsa, kapena madiski akale akugulitsidwa pamodzi ndi mipando yakutha, mukufunika encryption ya diski yonse kapena ya partition yonse, basi. Kiyi mmodzi, amene ali ndi admin.

Ngati mantha anu ndi oti user wina asaone mafayilo a mnzake, imeneyo si ntchito ya encryption ayi, ndi ntchito ya chmod 700 pa foda iliyonse, lamulo lolola mwini foda yekha kuitsegula. Onani kaye ndi ls -l /home chifukwa ma distro ambiri kale ankapanga mafoda amenewa ndi 755, kutanthauza kuti aliyense amatha kuwerenga za mnzake. Ubuntu inasintha kupita pa 750 kuyambira 21.04, koma ma account amene anapangidwa kale sanasinthidwe okha.

Ngati mantha ndi a admin mwiniwakeyo, yemwe ali ndi root, account yamphamvu zonse pa seva, apa tiuzane zoona. Palibe njira ya pa seva imene imamutsekeratu root. Mwini foda akangolowa kiyi amakhala mu memory, foda imatseguka, root atha kuchita su n'kuwerenga chilichonse, komanso atha kusintha PAM, gawo limene limatsimikiza pasiwedi munthu akamalowa, kuti izilemba pasiwedi ya aliyense wolowa. Chimene encryption ya munthu payekha imachita ndi kutseka foda pa nthawi imene mwiniwake kulibe, ndiye admin wachidwi chabe kapena backup yotayika sizingaone kanthu. Amene akufuna chinsinsi chenicheni kwa admin ayenera kukiya mafayilo pa laputopu yake asanawatumize ku seva. Pa VPS, seva yobwereka pa makina a kampani ina, ndi chimodzimodzi, kampani imene ili ndi makinawo itha kuona memory ya seva yanu ikamayenda, LUKS siithetsa zimenezo.

Chachiwiri: lembani zonse zimene zimagwira /home mwini wake atagona

Apa ndi pamene anthu ambiri amagwa. Pa laputopu munthu ndi mmodzi, akalowa foda imatseguka, akatuluka palibe chikuyenda. Seva si choncho. Pali cron, pulogalamu yoyambitsa ntchito pa nthawi yoikika, imene imayendetsa script ya munthu 2 koloko usiku, pali imelo imene imafikira mu Maildir ya mu home, pali mawebusayiti a mu public_html, pali Samba imene anthu a pa Windows amalumikizira, pali backup ya usiku. Foda ikakhala yokiyidwa ndi pasiwedi ya mwiniwake ndipo iye sanalowe, zonsezi zimaima, cron siipeza script, Apache imapereka error, imelo imabwerera kapena kuunjikana pa mzere.

Ndiye pali SSH, njira yolowera mu seva muli kutali. Kiyi wa SSH amasungidwa mu ~/.ssh/authorized_keys, yomwe ili mkati mwa foda yokiyidwayo, ndiye sshd siitha kuiwerenga munthu asanalowe, ndipo munthuyo sangalowe sshd isanaiwerenge. Mutha kusamutsa makiyiwo polemba mu sshd_config mzere uwu

AuthorizedKeysFile /etc/ssh/authorized_keys/%u

koma zimenezi zimathetsa theka la vuto lokha. Munthu alowa inde, koma chifukwa sanalembe pasiwedi, PAM ilibe chotsegulira foda, ndiye afikira mu foda yooneka zilembo zosamveka kapena yopanda kanthu. Kuti zitheke muyenera kufuna zonse ziwiri, kiyi ndi pasiwedi, ndi AuthenticationMethods publickey,password, ndipo anthu ogwiritsa ntchito git, rsync ndi ma script adzakudandaulirani tsiku lililonse.

Ngati mndandanda wanu uli ndi zinthu ziwiri kapena zitatu mwa zimenezi, yankho mwalipeza kale, pitani pa LUKS.

Chachitatu: chotsani zimene sizikuyenera

eCryptfs ndi imene anthu ambiri amaidziwa chifukwa Ubuntu inali ndi kabokosi kochonga pa install kofunsa ngati mukufuna kukiya home. Inalowa mu kernel mu 2006, koma Ubuntu inachotsa kabokosi kaja mu 18.04, ndipo Debian 10 inatuluka yopanda ecryptfs-utils. Imachedwa pa mafoda a timafayilo tambirimbiri, ndipo mukakiya mayina a mafayilo dzina silingapitirire zilembo 143 pomwe ext4 imalola 255, ndiye tsiku lina wina akukopera zinthu zingolephera osadziwa chifukwa. Ngati muli nayo kale ndipo ikuyenda, onetsetsani kuti aliyense wachita ecryptfs-unwrap-passphrase n'kusunga zimene zatulukazo penapake pabwino. Koma seva yatsopano musayiyambe ndi imeneyi.

EncFS isiyeni, kafukufuku wa Taylor Hornby wa 2014 anapeza zofooka zingapo makamaka kwa munthu amene akuona mafayilo okiyidwawo kangapo pa nthawi zosiyana. gocryptfs ndi yabwinopo ndipo ine ndimaikonda pa foda imodzi yoti ipite ku cloud, koma imayenda kudzera mu FUSE, ndiye kuti ngati pulogalamu wamba osati mkati mwa kernel, ndipo kuika home yonse ya anthu 30 pa FUSE ndi pam_mount ndi kudzipezera ntchito yosafunika.

systemd-homed inabwera ndi systemd 245 mu 2020, lamulo lake ndi losavuta, homectl create dzina --storage=luks, munthu aliyense amakhala ndi fayilo yakeyake ya LUKS. Koma inapangidwa poganizira laputopu ndi desktop, ndipo mavuto a cron ndi SSH aja ali pomwepo. ZFS ili ndi encryption yake kuyambira 0.8 mu 2019, dataset iliyonse itha kukhala ndi kiyi wake, ndipo ubwino wake waukulu ndi zfs send -w imene imatumiza backup ili yokiyidwa ku makina ena amene alibe kiyi n'komwe. Ngati seva yanu ili kale pa ZFS gwiritsani ntchito imeneyo, kungokumbukira kuti mayina a ma dataset ndi ma snapshot amaonekabe. Ngati siili pa ZFS musasamuke chifukwa cha nkhani imeneyi yokha.

Zatsala ziwiri, LUKS ndi fscrypt, ndipo sizilimbana, zitha kukhala pamodzi. LUKS ili ngati geti la mpanda, fscrypt ndi loko wa chipinda chilichonse.

Chachinayi: ikani LUKS pa /home

Yambani ndi backup imene mwayesa kuibwezeretsa, osati yongokhulupirira. Kenako onani ngati CPU ili ndi AES, malangizo ofulumizitsa kukiya, lembani grep -m1 -o aes /proc/cpuinfo, ndipo cryptsetup benchmark ikuonetsani liwiro. Pa makina a Intel ndi AMD a zaka khumi zapitazi aes-xts imathamanga kuposa diski wamba, anthu sazindikira n'komwe. Ngati kaseva kanu ndi Raspberry Pi 4 kalibe AES ya mu hardware, pamenepo yang'anani Adiantum imene inalowa mu kernel 5.0.

Njira yosavuta ndi diski yatsopano kapena partition yopanda kanthu, tinene /dev/sdb1. Onetsetsani ndi lsblk kawiri chifukwa lamulo loyambali limafufuta zonse.

cryptsetup luksFormat /dev/sdb1
cryptsetup open /dev/sdb1 home_crypt
mkfs.ext4 -O encrypt /dev/mapper/home_crypt
mount /dev/mapper/home_crypt /mnt
rsync -aHAX /home/ /mnt/

Ikufunsani kuti mulembe YES m'zilembo zikuluzikulu. Pa cryptsetup 2.1 kupita m'tsogolo imapanga LUKS2 yokha, osavutika ndi kusankha cipher, zimene imabwera nazo ndi zabwino. Ka -O encrypt ndakaika dala, sikawononga kanthu ndipo kakuthandizani mukadzafuna fscrypt pamwamba pake. rsync ichitike anthu onse atatuluka, ndipo musaiwale ka slash ka kumapeto kwa /home/ apo ayi mupeza /mnt/home.

Musanapite patali chitani zinthu ziwiri izi. Onjezani pasiwedi yachiwiri ndi cryptsetup luksAddKey /dev/sdb1, yaitali, ilembedwe pa pepala n'kuikidwa mu sefa ya ofesi, chifukwa admin amadwala, amasiya ntchito, nthawi zina amachoka atakwiya. LUKS2 ili ndi malo a makiyi 32, LUKS1 inali ndi 8, ndiye malo si vuto. Chinacho ndi backup ya header, kagawo ka koyambirira kwa partition kamene kamasunga makiyi,

cryptsetup luksHeaderBackup /dev/sdb1 --header-backup-file home-header.img

Header ikawonongeka deta yonse yapita ngakhale pasiwedi mukuidziwa bwinobwino, palibe katswiri angaibweze. Fayiloyo ikhale pa flash kunja kwa seva. Dziwaninso kuti header yakale imatsegukabe ndi pasiwedi yakale, ndiye mukachotsa pasiwedi ya munthu wosiya ntchito, pangani backup yatsopano n'kuwononga yakaleyo.

Chachisanu: seva ikazima n'kuyakanso, atsegule ndani?

Ili ndiye funso lalikulu ndipo kwathu kuno komwe magetsi amatha kuzima nthawi ina iliyonse, UPS n'kutha mphamvu jenereta isanalire, si funso longoyerekeza. Seva ikayaka Loweruka usiku n'kuima pa sikirini kudikira pasiwedi, palibe chiyende mpaka wina akwere minibasi kupita ku ofesi.

Poti takiya /home yokha osati sisitimu yonse, pali njira yophweka. Mu /etc/crypttab lembani

home_crypt UUID=nambala-ya-blkid none luks,noauto

ndipo mu /etc/fstab

/dev/mapper/home_crypt /home ext4 defaults,noauto 0 2

Seva iyaka mpaka kumapeto, netiweki ndi SSH zibwera, inu mulowa muli kunyumba n'kutsegula ndi cryptsetup open kenako mount /home. Kuti zimenezi zitheke account ya admin isakhale ndi home mu /home, ipatseni malo ena ngati /srv/admin. Samba ndi ma service ena odalira /home asamayake okha, lembani ka script kamodzi kotsegula diski, kuchita mount, kenako systemctl start zonsezo. Kanzeru kena, /home isanachitidwe mount, foda yake yopanda kanthu ipangeni chattr +i /home, kuti wina akalowa msanga asalembe mafayilo pa diski yosakiya amene adzabisike pansi mount ikachitika.

Ngati mwakiya sisitimu yonse, pa Debian ndi Ubuntu pali dropbear-initramfs, ka SSH kakang'ono kamene kamayaka sisitimu isanatseguke, mumalowa n'kulemba cryptroot-unlock. Ngati simukufuna kudzutsidwa n'komwe pali Clevis ndi Tang. Tang ndi kaseva kakang'ono pa netiweki yanu, seva yaikulu ikayaka imalankhula nako n'kutsegula yokha, ikabedwa n'kukayatsidwa kwina siikapeza Tang ndiye imakhala yotseka. Lamulo lake ndi clevis luks bind -d /dev/sdb1 tang kutsatira adiresi ya Tang yo, ndipo mu crypttab muike _netdev kuti idikire netiweki. Koma Tang yo isakhale pa shelefu imodzi ndi seva, wakuba anganyamule zonse ziwiri, iikeni chipinda china kapena nyumba ina, ndipo izitha kuyaka yokha magetsi akabwera.

TPM, kachipangizo kosunga makiyi ka mkati mwa kompyuta, nayo ilipo, systemd-cryptenroll --tpm2-device=auto /dev/sdb1 kuyambira systemd 248. Ndi yabwino pa nkhani ya diski yozulidwa, koma wonyamula bokosi lonse amanyamulanso TPM yo, seva iyaka n'kudzitsegula yokha m'nyumba mwake, chomutchinga ndi login basi. Chimene sindingavomere ndi kuika keyfile pa diski yosakiya ya seva yomweyo n'kumati takiya. Zimathandiza pokhapokha ngati diski ya /home yatuluka yokha, kwa wakuba ayi.

Chachisanu ndi chimodzi: fscrypt, ngati mukufunadi kiyi wa munthu payekha

Tinene kuti ndi seva imene anthu amalowa ndi pasiwedi, amagwira ntchito, amatuluka, palibe cron palibe webusayiti, ndipo pali mafayilo ngati a malipiro kapena a odwala amene simukufuna kuti azikhala otseguka usiku wonse. Apa fscrypt ndiye yake. Ili mkati mwa ext4 kuyambira kernel 4.1 ya 2015, F2FS ilinso nayo, ndipo ndi yomweyo imene mafoni a Android amagwiritsa ntchito pokiya mafayilo, ndiye yayesedwa mokwanira. Pa XFS siigwira, ndiye a Rocky ndi AlmaLinux onani kaye df -T /home chifukwa kumeneko XFS ndi imene imabwera yokha. Kernel ikhale 5.4 kapena kuposa kuti mupeze ma policy a v2, amene anakonza mavuto akale oti root ndi ma service ena sankaona bwino foda yotsegulidwa ndi user.

apt install fscrypt libpam-fscrypt
tune2fs -O encrypt /dev/mapper/home_crypt
fscrypt setup
fscrypt setup /home

Mzere wa tune2fs ulumpheni ngati munaika kale -O encrypt paja. Chofunika kudziwa ndi choti fscrypt imakiya foda yopanda kanthu yokha, siingakiye mafayilo amene alipo kale. Ndiye kwa munthu amene ali kale ndi zinthu, atuluke kaye, foda yake muisinthe dzina, mupange yatsopano.

mv /home/dzina /home/dzina.yakale
mkdir /home/dzina
chown dzina:dzina /home/dzina
chmod 700 /home/dzina
fscrypt encrypt /home/dzina --user=dzina
cp -a -T /home/dzina.yakale /home/dzina

Ikafunsa chotetezera sankhani login passphrase, ndipo mwiniwakeyo alembe yekha pasiwedi yake, mumuitane abwere pa kiyibodi. Atuluke, alowenso, muone ndi fscrypt status /home/dzina kuti ikutseguka ndi kutseka moyenera, kenako m'pamene mufufute yakale ija. Yambani ndi account yoyesera, osati ya akauntanti kumapeto kwa mwezi.

Pali zinthu zitatu zimene muyenera kuwauza abwana musanayambe. Choyamba, munthu akaiwala pasiwedi, inu kuchita passwd dzina ngati root kumulowetsa mu seva koma foda siitseguka, chifukwa kiyi wa foda anakulungidwa ndi pasiwedi yakale ija. Akasintha yekha ndi passwd palibe vuto, PAM imakonza zonse. Ndiye pamafunika chotsegulira chachiwiri, fscrypt imalola kuwonjezera protector wina pa foda ndi fscrypt metadata add-protector-to-policy, komanso nthawi zina imadzipangira yokha recovery passphrase n'kuisiya mu fayilo mkati mwa foda yomweyo, imene mwiniwake ayenera kuikopera kwina isanamutsekere mkati. Koma onani, ofesi ikasunga chotsegulira chachiwiricho ndiye kuti ofesi itha kutsegula foda ya aliyense, anthu auzidwe zimenezo poyera. Chachiwiri, fscrypt imabisa zamkati ndi mayina a mafayilo koma kukula kwa fayilo, tsiku limene inasinthidwa ndi ma permission zimaoneka, n'chifukwa chake ndimati ikhale pamwamba pa LUKS. Chachitatu, munthu akasiya tmux kapena pulogalamu ina ikuyenda n'kutuluka, mafayilo otsegukawo amalepheretsa foda kutsekeka kwathunthu.

Mphamvu ya zonsezi ndi pasiwedi ya munthuyo. Ngati ndi dzina la mwana wake ndi chaka chobadwa, wobera diski angoyesa mapasiwedi pa kompyuta yake mpaka ipezeke, palibe chomuletsa kuyesa kambirimbiri ngati mmene login imachitira.

Chachisanu ndi chiwiri: mabowo a m'mbali

Mwakiya /home koma deta imatayikira kwina. Swap, malo a pa diski amene memory imasefukirako, itha kusunga zidutswa za mafayilo ngakhale makiyi amene, ikiyeni ndi kiyi wongopeka pa boot iliyonse, mu crypttab mzere wake umakhala ndi /dev/urandom pa malo a kiyi ndi mawu oti swap pa ma option. Pamenepo gwiritsani ntchito dzina la diski losasintha la mu /dev/disk/by-id, chifukwa sdb ikasanduka sdc tsiku lina mzere umenewu ufufuta partition yolakwika osafunsa. /tmp iikeni pa tmpfs. Onaninso /var/tmp, /var/mail, /var/spool/cups kumene zosindikiza zimadikirira, ndi database ya locate imene imasunga mayina a mafayilo onse, ikani /home mu PRUNEPATHS ya /etc/updatedb.conf. Ngati MySQL kapena PostgreSQL ili pa seva yomweyo, deta yake ili mu /var/lib osati mu /home, ndipo mwina ndi imene ili yofunika kuposa zonse. Mukaona kuti mndandanda ukutalika chonchi, nthawi zambiri kuchita install yatsopano ndi LUKS pa diski yonse kumakhala kosavuta kuposa kutseka bowo limodzilimodzi.

Diski yakale imene munali /home ikadali ndi zonse, rm siifufuta kanthu kwenikweni. Pa hard disk wamba kulemba pamwamba pa partition yonse ndi shred kapena dd kumakwana. Pa SSD shred ya fayilo imodzi ndi yosadalirika chifukwa diskiyo imasuntha deta mkati mwake, gwiritsani ntchito secure erase ya diskiyo, ya NVMe ndi nvme format, ya SATA ndi hdparm.

Backup nayo isakhale poyera, kukiya seva n'kusiya external yosakiya mu drawa ndi kutaya nthawi. Pa LUKS ndi zophweka, /home imakhala yotseguka seva ikamayenda ndiye restic kapena BorgBackup zimawerenga n'kukiya zokha ndi kiyi wawo, amene nayenso apite mu sefa muja. Pa fscrypt ndi povuta, foda ikakhala yotseka ngakhale root sangawerenge mafayilo ake kuti awakopere, ndiye backup ya usiku iwalumpha kapena ilephera. Muyenera kusankha, kaya backup iziyenda munthu akalowa, kaya muzijambula partition yonse ndi snapshot ya LVM. Foda yobisika ya /home/.fscrypt ndi ya /.fscrypt zilowe mu backup, m'menemo ndi mmene muli makiyi okulungidwa aja.

Pomaliza yesani zoipa zonse dala tsiku limene kulibe anthu. Zulani chingwe cha magetsi muone ngati seva ibwerera mmene munakonzera, tsegulani ndi pasiwedi ya mu sefa ija kuti mutsimikize kuti inalembedwa molondola, zimitsani Tang muone ngati mutha kulowabe pamanja, sinthani pasiwedi ya account yoyesera ngati root kenako muibweze ndi chotsegulira chachiwiri, ndipo tengani fayilo imodzi mu backup muitsegule pa kompyuta ina. Masitepe otsegulira seva alembedwe pa pepala limodzi loti mnzanu wa mu ofesi atha kutsatira inu foni yanu itazima.